Mphamvu ya Hilux yanga: pamene ndinalekezera ndi chifukwa chake

Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo chimene chimadyetsa banja langa ndi galimoto. Ndimatenga kachewere ku Tsangano ndi ku Domue, nthawi zina nyemba ndi kabichi, n'kutsika nazo ku Tete kukasiyira amayi ogulitsa pa msika wa Kwachena. Pobwerera sindikwera chimanjamanja. Ndimasenza simenti, malata, mchere, mafuta ophikira ndi nsomba za chicoa zimene anthu a kumtunda kuno amazikonda. Galimotoyo ndi Toyota Hilux ya kabini imodzi, ya injini ya 2.5 D-4D imene amakaniko amaitchula kuti 2KD. Turbo ili nayo, koma ndi mtundu uja wa akavalo 102 (akavalo ndi muyeso wa mphamvu ya injini) umene unatuluka wopanda intercooler, kachipangizo koziziritsa mpweya wochoka mu turbo.

Amene amauyenda msewu umenewu akudziwa mmene unakhalira. Mzinda wa Tete uli pansi, m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 kuchokera pamlingo wa nyanja, pamene Ulongwe ali pamwamba pafupifupi mamita 1,300. Pakati pake pali makilomita oposa 200. Ukawoloka mlatho wa Samora Machel n'kudutsa Matundo ndi Moatize, umatsata EN7 mpaka pamphambano ya Mussacama, pamene wopita ku Zóbuè amawongola ndipo ife a ku Angónia timakhotera kumanzere. Msewu wa EN7 sukhala wako wekha. Muli matanki a mafuta ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku doko la Beira olowera ku Malawi, ndipo akafika pachitunda amakwawa. Ukakhala kumbuyo kwawo ndi simenti tani imodzi, n'kuona kuti kutsogolo kwatseguka pang'ono, umatuluka kuti upitirire, umaponda mpaka pansi, koma galimoto imangolira liwiro osabwera. Ukakhala mbali ya eni ake nthawi yaitali chonchi, ndiye pamene anthu amafera. Ine sindinkafuna mpikisano ndi wina aliyense. Ndinkafuna kuti ndikatuluka ndizibwerera msanga kumbali kwanga.

Nditayamba kufunsafunsa, aphungu anachuluka. Mnyamata wina wa ku Tete anandionetsa kabokosi kakuda ka mawaya awiri, akuti kachokera ku Johannesburg, ndipo akangokalumikiza galimoto isanduka ina tsiku lomwelo. Wina anati kabokosi n'koseweretsa ana, ndichotse turbo yanga ndiikemo yaikulu, ndisinthenso mainjekita, tizitsulo tothira dizilo m'masilinda. Wachitatu anati zonsezo n'kutaya nthawi, ndingogula injini ya 3.0 ya akavalo 163 ndiiponyemo. Aliyense ankatchula akavalo, ndipo palibe amene anandifunsa chimene ndimanyamula.

Amene anandifunsa ndi a mestre (makaniko wodziwa ntchito) ena achikulire a ku Matundo, amene anagwirapo ntchito yokonza magalimoto a ku migodi ya malasha ku Moatize. Nditawafotokozera, anayamba apukuta m'manja, kenako anati: "Bambo, musanandifunse kuti injiniyi ingakwere kufika pati, ndiuzeni kaye. Imasenza zolemera bwanji? Chitunda chija mumakwera nthawi yanji m'mwezi wa Okutobala? Nanga itafa pakati pa Mussacama ndi Ulongwe, chitsulo chake mukachipeza kuti?" Mafunso atatu amenewa ndi amene anayendetsa zonse zimene ndinachita pambuyo pake.

Kuti munthu asankhe bwino polekezera, ayenera kumvetsa chimene turbo imachita, ndipo si chovuta. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kampepe kena, kameneko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Timampepe timeneti timazungulira kuposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha dizilo wambiri, ndipo mphamvu imachokera pamenepo. Zili ngati mvukuto wa wosula makasu: ukapopa kwambiri n'kuwonjezera makala, moto umakula, koma ukapitirira muyeso umasungunula chitsulo chimene umati usule. Onse amene amalonjeza akavalo pa injini ya dizilo akulonjeza chinthu chimodzi, kuthira mafuta ambiri. Kusiyana kwawo n'kwakuti wina amawonjezeranso mpweya wokwanira, wina amangothira mafuta. Mafuta akachuluka kuposa mpweya, kumbuyo kumatuluka chiutsi chakuda, ndipo kutentha kwa m'injini kumakwera. Anyamata ambiri akaona chiutsi chimenecho amasangalala, amati galimoto yadzuka. Ine chimandipatsa chisoni, chifukwa ndi ndalama zikupsa mosapindula ndipo mapisitoni akuwawuka.

Mapisitoni amapangidwa ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660. Chimene chimawapulumutsa n'chakuti moto suwakhudza kosalekeza, komanso oyilo amawaziziritsa kunsi kwake. Koma utsi wotuluka ukakhala pamwamba pa madigiri 700 kwa nthawi yaitali, monga pachitunda chosatha, pisitoni imayamba kung'aluka kapena kubooka. Choopsa chake n'chakuti kamuvi ka kutentha kamene kali pa dashibodi sikakuuza kanthu. Kameneko kamayeza madzi a mu radiyeta, amene amachedwa kutentha, ndipo kamakonda kungokhala pakatikati. Kakamadzasuntha, zam'kati zapsa kale.

Dziko lathu limaipanikiza injini mbali ziwiri. Kumunsi ndi dzuwa: mu Okutobala ndi Novembala ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, mulibe oxygen wokwanira monga mumakhalira mu wozizira. Turbo ikaufinya umatenthanso kwambiri, mpaka kupitirira madigiri 100 usanalowe n'komwe m'injini. Kumtunda ndi kukwezeka kwa malo: ku Ulongwe kumazizira bwino, koma mpweya ndi wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 poyerekeza ndi wa ku Tete, choncho turbo imayenera kuzungulira kwambiri kuti ikankhe mpweya wofanana. Pulogalamu imene munthu analemba ataiyesa pa galimoto yopanda katundu, kumalo kozizira ndi kwafulati, sidziwa chilichonse za ulendo umene umayambira m'ng'anjo n'kuthera paphiri.

Choncho chinthu choyamba chimene a mestre anaika sichinawonjezere kavalo ngakhale mmodzi. Anaboola kabowo pachitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi usanafike pa turbo, n'kuikapo kachingwe koyeza kutentha kwa utsi, ndipo kawotchi kake anakamangirira pafupi ndi chiwongolero. Amakatchula kuti EGT. Malo oikapo ali ndi ntchito: kachingweko kakaikidwa utsi utadutsa kale turbo, kamaonetsa nambala yotsika ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndipo munthu amayenda mtima uli m'malo pamene zinthu zili poipa. Anaikanso kena koonetsa mphamvu ya mpweya wa turbo. Kenako anandiuza kuti ndipite ndikagwire ntchito monga mwa nthawi zonse, ndiziyang'ana, ndisasinthe kalikonse.

Kawotchi kameneko kanandiphunzitsa kuyendetsa galimoto imene ndinkaganiza kuti ndimaidziwa. Ndinaona kuti kutentha kumakwera kwambiri ndikamaikakamiza pachitunda ili mu giya yaikulu, injini ikuzungulira pang'onopang'ono phazi lili pansi. Ndikatsitsa giya imodzi, injini n'kuzungulira cha m'ma 2,500 pa mphindi, nambala imatsika m'kanthawi kochepa ngakhale liwiro lili lomwelo, chifukwa mpweya wodutsa wachuluka. Madalaivala ambiri timaopa phokoso la injini, timaganiza kuti ikamalira motsitsa ndiye kuti ikupuma. Pachitunda ndi katundu, kulira motsitsa kuja ndiye kubanika kwake. Ngati pali chimodzi chimene ndingakakamize mnzanga aliyense wonyamula katundu kuti agule, kaya akufuna kuwonjezera mphamvu kaya ayi, ndi kawotchi kameneka.

Kenako tinayamba kufufuza ngati akavalo 102 aja analipodi onse. Sanalipo. Galimoto imene yayenda zaka zambiri m'fumbi la ku Tsangano imakhala itataya mphamvu pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Pali kavalavu kotchedwa EGR kamene kamabweza utsi wina m'injini kuti utsi woipa uchepe. Mwaye wake ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umapanga phula limene limatseka njira ya mpweya. Atatsegula yanga, njirayo inali itachepa moonekeratu. Ena amangotseka EGR ndi kachitsulo n'kuiwalako. Ine ndinasankha kuti aitsuke n'kuibwezera, chifukwa utsi umenewo amaupuma ndi ana oyenda m'mphepete mwa msewu ndi amayi a pamsika pamene ndimatsitsira katundu. Anayeza mainjekita pa kompyuta n'kusintha mawashala ake, anatsuka radiyeta kunja ndi mkati, anasintha sefa ya mpweya, anamanganso mipaipi ya turbo imene inkadontha. Pongochita izi, galimoto inapepuka mwakuti alamu anga atakwera anafunsa ngati ndaika kale chip, kabokosi kowonjezera mphamvu kaja.

Pa nkhani ya mafuta ndiyenera kunenapo mosabisa. Injini za common rail monga imeneyi zimapopa dizilo ndi mphamvu yoposa 1,000 bar kudutsa m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Kadontho ka madzi kapena kamchenga kamawononga injekita, ndipo injekita yodontha imathira mafuta malo amodzi pa pisitoni mpaka kuiboola. Kumidzi bomba, malo othirira mafuta, ili kutali, ndipo nthawi zina munthu amakakamizika kugula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene sudziwa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji kapena wasakanizidwa ndi chiyani. Ndinaikitsa sefa yachiwiri yolekanitsa madzi, ndipo ndimayesetsa kudzaza thanki ku Tete kapena ku Ulongwe konkuno. Munthu amene akudziwa kuti azidalira wa m'zigubu asayerekeze n'komwe kuwonjezera mphamvu.

Funso lenileni, lakuti tikwere kufika pati, a mestre analiyankha m'njira imene inandikhutiritsa. Anandikumbutsa kuti Toyota eni ake anatulutsa injini yomweyi ya 2KD m'mitundu ingapo. Ulipo wanga wa akavalo 102, ndipo ulipo wa pambuyo pake wa akavalo 144 ndi mphamvu yokoka ya 343 Nm. Koma kuti afike pa 144 sanangothira mafuta. Anaika intercooler, anaikanso turbo ya mtundu wina imene imasintha kolowera utsi malinga ndi liwiro la injini. Ndiye iwo anati: ngati opanga, ndi akatswiri awo onse, anafunika zinthu ziwirizo kuti afike pamenepo, ife ndi turbo yakaleyi tikhale pansi pake ndithu. Tinagwirizana zoti tiyang'ane cha m'ma 120 mpaka 125, ndipo intercooler ibwere mafuta asanawonjezedwe.

Intercooler ndi karadiyeta koziziritsa mpweya umene wachoka mu turbo usanalowe m'injini. Pa Hilux ya 3.0 imakhala pamwamba pa injini, n'chifukwa chake boneti yake ili ndi kakamwa kaja. Ife tinaika yathu kutsogolo, kuseri kwa gilili, pamene mphepo imawomba bwino. Ili ndi mtengo wake wobisika: imatchinga mphepo ina imene ikanafika pa radiyeta ya madzi, ndipo m'nyengo yokolola imadzaza mapesi ndi fumbi. Ndimaitsuka ndi madzi ofatsa, osati a mphamvu, kuopa kupinda timapepala take. Itangoikidwa, ndisanasinthe kalikonse mu kompyuta, nambala ya EGT pachitunda inatsika moonekeratu. Mpata umene unatsegukawo ndi umene tinadzaugwiritsa ntchito.

Kabokosi ka mawaya awiri kaja ndinakakana. Timabokosi totchipa timagwira ntchito ponamiza kompyuta ya injini: timaiuza kuti mphamvu ya mafuta mu paipi ndi yotsika, kompyutayo n'kulamula pampu kuti ipope kwambiri. Mphamvu imabweradi, koma pampu ndi mainjekita zimagwira ntchito pamwamba pa muyeso wake nthawi zonse, ndipo kompyuta imene ikanateteza injini ikuwerenga bodza. Ndinasankha remap, kutanthauza kulembanso pulogalamu ya mu kompyuta ya injini, kuti mafuta, nthawi yake ndi mpweya zisinthidwe mogwirizana. Munthu amene anachita ntchitoyi ndinamuuza zinthu ziwiri asanagwire galimoto. Choyamba, asunge pulogalamu yoyambirira ndipo andipatse yanga pa flash, kuti tsiku lina ndikafuna ndidzaibwezere. Chachiwiri, tikaiyese ndi katundu. Iye ankafuna tingozungulira mu mzinda, aponde kawiri, ndimve kukankha kumsana, ndilipire. Ndinakana. Tinakweza matumba a simenti, tinanyamuka masana dzuwa lili paliwombo, iye laputopu ili pamwendo, mpaka tinapeza chitunda chenicheni kupitirira Moatize. Pulogalamu yoyamba inali yokoma kuyendetsa, koma kawotchi kanadutsa 700 tisanafike pamwamba. Anachepetsa mafuta, tinabwereza, mpaka tinapeza pamene nambala imaima pansi pa 700 phazi lili pansi ndipo kumbuyo kulibe utsi. Tinalekeza pamenepo. Iye ankati injiniyo ikanatha kupereka zambiri, ndipo sankanama. Ikanapereka m'mawa wa mu Juni ili yopanda katundu.

Mphamvu ikawonjezeka imafunafuna chiwalo chofooka, ndipo pa galimoto ya magiya a pamanja chimenecho chimakhala kilachi. Kuiyesa n'kosavuta: pamsewu wowongoka ikani giya yachinayi kapena yachisanu, injini ili cha m'ma 1,800, pondani mpaka pansi. Kamuvi ka injini kakathamanga liwiro osasintha, kilachi ikuterereka. Yanga inali yakale ndithu, ndipo a mestre anandichenjezeratu kuti ndiiwerengere m'bajeti. Tinaika yolimbirapo pang'ono koma ya mtundu wamba. Zilipo zina za mpikisano zimene zimagwira mwadzidzidzi. Zimenezo n'zosayenera kwa munthu amene amanyamuka pamatope a kudimba ndi kachewere wodzaza, chifukwa zimagwedeza giyabokosi ndi difu, ndipo mwendo umatopa pamzere wa pamlatho.

Ndalama imene ndinaiwononga mokondwa kwambiri ndi ya mabuleki, ngakhale palibe amene amaitchula pokambirana za akavalo. Ulendo wanga wolemera kwambiri ndi wotsika, ndipo galimoto imene yayamba kuthamanga imamunyengerera dalaivala kuti afike pakhona ali ndi liwiro limene kale sankalifika. Hilux imeneyi ili ndi madisiki kutsogolo ndi madiramu kumbuyo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita nthawi: a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa 155. Akawira pamtsetse wautali, phazi limangolowa mpaka pansi ngati waponda thonje. Ndimawasintha zaka ziwiri zilizonse, ndinaika mapadi abwino, ndipo potsika ndimagwiritsa giya yomwe ndikanakwerera chitunda chomwecho. Matayala ndimagula olembedwa kuti ndi onyamula katundu, osati a galimoto yoyendera. Ndipo remap siwonjezera kulemera kumene galimoto ingasenze. Masipuling'i, chasi ndi mabering'i ndi zomwe zija. Ndaona anzanga akuwonjezera matumba asanu chifukwa chakuti tsopano ikukoka, n'kudzathyola sipuling'i pa dzenje loyamba.

Za turbo yaikulu ndinaziganizira ndithu, ndisaname. Munthu ukalawa pang'ono mtima umafuna zambiri, ndipo ndalama ya nyengo ya kachewere inalipo. Chimene chinandibweza ndi zimene ndinaona pa galimoto ya mnzawo wa alamu anga, wa ku Tsangano, amene anapita njira yonse: turbo yaikulu, mainjekita akuluakulu, paipi ya utsi yotakata. Pamsewu wa tala, ili yopanda katundu, palibe amene ankaipeza. Koma turbo yaikulu imafuna utsi wambiri kuti idzuke, ndiye injini ikakhala pansi pa 2,000 galimotoyo inali yofooka kuposa yanga isanakonzedwe. Ntchito yathu yambiri imachitikira pansi pomwepo: kunyamuka pachitunda, kutuluka m'matope, kuyenda pang'onopang'ono m'misewu ya kumunda. Iye ankachita kuwotcha kilachi kuti anyamuke, kenako mphamvu yonse inkabwera kamodzi matayala n'kuzungulira pamalo amodzi. Inadzafa tsiku lina la dzuwa akukwera ndi katundu, pisitoni itabooka. Chimene chinamupweteka kwambiri ndi kudikira. Zitsulo zake sizinali za mtundu umene umapezeka m'masitolo a ku Tete kapena kutsidya ku Lilongwe, zinayenera kuitanitsidwa kutali, ndipo galimoto inakhala pamiyala nyengo yonse imene kachewere anali pamtengo wabwino. Makasitomala ake anapeza wina wowanyamulira.

Apa m'pamene funso lachitatu la a mestre linandimvekera. Zonse zimene ndinaika pa galimoto yanga, makaniko wa ku Ulongwe akhoza kuzimvetsa ndi kuzikonza. Turbo ndi yomwe ija, mainjekita ndi omwe aja, ndipo zikawonongeka ndimawoloka pa Calómuè kupita ku Dedza kapena kutsikira ku Tete n'kubwera nazo. Paipi ya intercooler ikang'ambika, ndili ndi ina yapadera kuseri kwa mpando pamodzi ndi zomangira zake. Ndikanapitirira pamenepa, galimoto ikanakhala yodalira munthu mmodzi amene anaikonza, ndipo munthuyo sakhala kwathu.

Kusintha injini yonse kupita ku 3.0 kuli ndi mavuto akenso. Si injini yokha imene imasamuka, pamafunika kompyuta yake, mawaya ake ndi zina zambiri, ndipo injini yogula yakale sudziwa mbiri yake. Palinso mapepala. Nambala ya injini imalembedwa mu livrete, buku la galimoto, ndipo ikasintha muyenera kukakonzetsa ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, apo ayi mudzavutika pa inspecção pamene amayeza galimoto, pamsewu ndi apolisi, ndiponso pachipata mukamalowa ku Malawi. Ndinawerengera n'kuona kuti amene akufunadi 3.0 kuli bwino agulitse yake agule imene inabadwa ndi 3.0, chifukwa imeneyo zonse zinapangidwa mogwirizana. A seguro, ndiye kuti a inshuwalansi, nawonso ndinawauza zimene ndinasintha, kuti tsiku la ngozi pasadzapezeke chonamizira.

Anthu amandifunsa ngati imamwa mafuta ambiri tsopano. Zimadalira phazi. Ndikayendetsa monga kale, imamwa mofanana kapena kucheperako pang'ono, chifukwa sindikhala nthawi yaitali phazi lili pansi. Ndikayamba kusangalala nayo, thanki imatsika msanga, palibe matsenga. Chimene chawonjezeka ndi chisamaliro. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 osadikira kupitirira, sefa ya mpweya ndimaiyang'ana pafupipafupi m'chilimwe, ndipo ndikafika pamwamba pa chitunda kapena ndikatha ulendo wautali sindizimitsa nthawi yomweyo. Ndimaisiya ilire mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa turbo imaziziritsidwa ndi oyilo, ndipo ukazimitsa ili yotentha oyilo amene watsala m'kati amapserera n'kuwononga mabering'i ake.

Achinyamata a mu mzinda amene muli ndi timagalimoto ta petulo ta turbo, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono koma malire ake akuchokera kumodzimodzi. Mdani wanu ndi kuphulika kwa mafuta nthawi yake isanakwane, kumene kumamveka ngati timiyala m'chitini. Kumabwera mpweya ukatentha, turbo ikakankha kwambiri, ndiponso petulo akakhala wa octane yotsika (octane ndi muyeso wa mmene petulo amapirira kuphulika kotereku). Mapulogalamu ena a pa intaneti analembedwera petulo wa octane 98 ndi nyengo ya ku Ulaya. Musanaike, funsani kuti analembera petulo wanji, ndipo yerekezani ndi amene mumathira pa bomba yanu mu Novembala.

Panopa Hilux yanga ili pa akavalo pafupifupi 20 pamwamba pa mmene inabadwira. Pa EN7 ndikatuluka kuti ndipitirire thanki, ndimabwerera kumbali kwanga msanga, chimene ndinkafuna kuyambira pachiyambi. M'miyezi ya dzuwa ndimanyamuka ku Tete m'bandakucha kuti zitunda zikuluzikulu ndizikwere kusanatenthe, ndipo kawotchi kakayandikira 680 ndimatsitsa giya kapena kuchepetsa phazi, ngakhale kumbuyo wina akuimba hutala. Ndalama imene ikanapita ku turbo yaikulu ndinagulira matayala ndi radiyeta yatsopano, yotsalayo ndinasungira mainjekita, amene a mestre akuti tiwayezenso mvula isanayambe.